Mandolini ya m'bokosi la agogo: anaipanga ndani, ndipo inafika bwanji ku Zomba?

Mnzanga wina wa ku Chinamwali anafika kwathu Loweruka lina madzulo atafukata chinthu chokulunga m'chitenje ngati khanda. Atavundukula ndinaona choimbira chachifupi, cha msana wotukuka ngati chipanda chodula pakati, chili ndi nsambo zitatu zadzimbiri pamene panayenera kukhala zisanu ndi zitatu. Anachipeza pansi penipeni pa bokosi lachitsulo la malemu agogo ake aamuna, limodzi ndi mamendulo a usilikali ndi jekete lodyedwa ndi njenjete. Kwawo onse amachitchula kuti banjo ya agogo. Koma sichinali banjo ayi, chinali mandolini.

"Achimwene, tasuzumirani m'katimu," anatero uku akuwalitsa tochi ya foni pabowo. "Mwalembedwa kuti Napoli. Mphwanga wayang'ana pa intaneti, akuti zoterezi ku Ulaya ndi ndalama zomangira nyumba."

Kapepala kanalimodi, kofiirira, kodyedwa mbali imodzi, dzina la wopanga litatsala zilembo zitatu zokha. Ndinamupempha kuti ayambe wakhala pansi. Kufufuza amene anapanga choimbira chakale kumafanana ndi mlandu wa malire a munda pabwalo la amfumu. Mboni zimakhala zingapo, ndipo imene imathamangira kulankhula mokweza si ndiyo yoyenera kuikhulupirira msanga. Pa mandolini, mboni yolongolola ndi kapepalako. Kamamatidwa ndi munthu, kamamatulidwa ndi munthu, ndipo aliyense akhoza kukasindikiza. Mboni zinazo, maumbidwe a thupi, mitengo, zitsulo ndi guluu, zimalankhula motsitsa koma sizitha kunama. Timayamba ndi zimenezo, kapepala tikafunsa pomaliza.

Choyamba n'kutsimikiza kuti ndi mandolinidi. Werengani makiyi a kumutu, osati nsambo, poti nsambo zimaduka. Mandolini wamba imakhala ndi makiyi 8 a nsambo zoyenda ziwiriziwiri, zochunidwa ngati za vayolini: G, D, A, E. Kenako tengani tepi, muyeze kuchokera pa kafupa ka kumtunda kwa khosi mpaka pa kachitsulo kopingasa ka nambala 12, muwirikize kawiri. Mukatero mwapeza utali wa nsambo ngakhale kamtsamiro kake, kamtengo kamene nsambo zimatsamirapo pathabwa la kumaso, katasowa. Masentimita 33 kapena kufupi ndi apo ndi muyezo wa ku Italy. Akafika 35, ndi muyezo wa Gibson, wopanga wa ku America, ndi onse omutsanzira. Akadutsa 40, ndiye kuti muli ndi mkulu wake wa mandolini wotchedwa mandola. Ndipo ngati kumaso kuli chikopa chokungidwa ngati ng'oma koma makiyi ali 8, imeneyo ndi mandolini ya thupi la banjo, mtundu umene Angerezi ankaupanga kwambiri ku Birmingham ndi ku London.

Tsopano itembenuzeni muone msana, chifukwa fuko lake limaonekera kumeneko.

Ya msana wotukuka inabadwira ku Naples, mzinda umene eni ake amautcha Napoli, chapakati pa zaka za m'ma 1700, ndipo banja limene linatchuka nayo ndi la Vinaccia. Cha m'ma 1835 Pasquale Vinaccia anayamba kuikamo nsambo zachitsulo ndi makiyi a magiya m'malo mwa zikhomo zamtengo, ndipo mtundu umenewu ndi umene unafala padziko lonse. Msanawo sasema kuchokera ku chipika chimodzi ngati mtondo kapena bwato. Amapinda timatabwa topyapyala ndi chitsulo chotentha n'kutilumikiza ngati nthiti. Thabwa la kumaso limakhala lopindika pang'ono kumunsi kwa kamtsamiro ka nsambo. Ambiri akaona kupindikako amati choimbiracho chinagwa, chonsecho anachipanga dala chotero kuti chipirire kukoka kwa nsambo. Werengani nthitizo. Zotsika mtengo zimakhala ndi nthiti zikuluzikulu zowerengeka, 9, 11 kapena 15. Zopangidwa mosamala zimafika 30 ngakhale kuposa, nthawi zina nthiti iliyonse atayikumba kangalande pakati. Ku Rome kunali kapangidwe kake, kamene anakafikitsa pachimake Luigi Embergher, yemwe anamwalira mu 1943: kumbuyo kwa khosi kosongoka ngati chilembo V, thabwa logwirapo zala lopitirira mpaka pamwamba pa bowo kumbali ya nsambo zing'onozing'ono, ndi mutu wobooledwa timipata tiwiri. Ku Naples dzina lina lalikulu ndi la banja la Calace, limene likupangabe mandolini mpaka lero.

Maina amenewa ndiwo amazunguza mitu ya anthu pa intaneti. Koma apa m'pamene pali nkhani yeniyeni. Kuyambira m'ma 1880 mpaka nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka mu 1914, mandolini inkafunidwa ngati mmene foni zamakono zikufunidwira lero. Mfumukazi Margherita ya ku Italy inkaiimba, ndipo magulu oimba mandolini anabuka m'mizinda ya ku Ulaya, ku America mpaka ku Japan. Amisiri otchuka aja sakanakwanitsa msika wonsewo. Mafakitale a ku Naples ndi a ku Catania, pachilumba cha Sicily, anayamba kutulutsa zambirimbiri zotumiza kunja. Ku Germany, m'matauni a Markneukirchen ndi Klingenthal, komanso ku Schönbach tsidya lina la malire ku Bohemia, ntchito inkagawidwa m'makomo: banja lina makosi okhaokha, lina misana, lina kupaka vanishi, kenako wamalonda wamkulu n'kusonkhanitsa zonse, kulongedza m'mabokosi. Kufunsa kuti mandolini yotere anaipanga ndani kuli ngati kutola njerwa imodzi pa uvuni n'kumafunsa dzina la amene anaponda dothi. Dera limapezeka, nyengo imapezeka, koma munthu mmodzi woti mumuloze nthawi zambiri sipakhala. Ndipo msana wotukuka pawokha sutanthauza Italy. Lyon & Healy ya ku Chicago inkapanga zotere pa dzina la Washburn, Martin ya ku Nazareth ku Pennsylvania inkapanga, Vega ya ku Boston inkapanga, ndipo Suzuki ya ku Nagoya inapanga zochuluka zedi.

Zokongoletsa nazo zimanamiza. Mnzangayo ankangoloza gulugufe wonyezimira amene anali pansi pa bowo, ati umenewo ndiwo umboni wa mtengo wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Agulugufe, maluwa ndi zigoba zonyezimira m'mbali monse zinali nyambo ya mafakitale, makamaka a ku Catania, yokopera alendo ndi ogula a kunja. Mandolini zambiri zimene akatswiri ankaimbira pamaso pa anthu zinali zosakongoletsa kwenikweni. Yang'anani mmene chokongoletsacho chinalowera m'thabwa. Mmisiri waluso amasema malo okwana ndendende. Wothamangira chiwerengero amakumba dzenje lalikulu n'kutseka mipata ndi phala lakuda.

Ya msana wafulati, yooneka ngati peyala, imachokera kawirikawiri ku Germany kapena ku Portugal, ngakhale kuti Aamerika nawo ankapanga. Apwitikizi amaitcha bandolim, ndipo zina zakale zimakhala ndi makiyi otambasuka kumutu ngati mchira wa nkhukutembo yonyada, monga zimakhalira gitala zawo za nsambo 12. Kwa ife a ku Zomba mfundo imeneyi si yapatali, poti Mozambique ili tsidya la nyanja ya Chilwa pompa.

Fuko lachitatu ndi la msana ndi nkhope zosema ngati za vayolini. Analiyambitsa ndi Orville Gibson wa ku Kalamazoo, m'chigawo cha Michigan, amene analembetsa kapangidwe kake kuboma mu 1898, ndipo kampani ya dzina lake inakhazikitsidwa mu 1902. Pali mtundu wa A, wosalala ngati dontho la madzi, ndi wa F, wokhala ndi kanyanga kopiringizika paphewa. Zokwera mtengo kuposa zonse ndi za F-5 zimene katswiri wa kampaniyo, Lloyd Loar, anasainira pakati pa 1922 ndi 1924, zokhala ndi mabowo awiri ngati a vayolini. Koma mandolini za maonekedwe amenewa zimene mungakumane nazo kuno pafupifupi zonse ndi zotsanzira, za ku Japan za m'ma 1970, za ku Korea kapena za ku China. Yang'anani m'mphepete mwa bowo: mukaona timizere ta matabwa omatikiza ngati pulayiwudi, nkhani ya Kalamazoo yathera pomwepo.

Tsopano tikhoza kuitana kapepala kaja kuti kapereke umboni. Mawu ochepa a Chitaliyana amathandiza. Fratelli ndi abale, figli ndi ana, anno ndi chaka, via kapena strada ndi msewu. Oyenera kuwachenjerera ndi allievo di, kutanthauza wophunzira wa uje, komanso sistema kapena modello, kutanthauza kuti apanga motsanzira uje. Pa mapepala otere dzina lotchukalo amalisindikiza ndi zilembo zikuluzikulu, mawu ovomereza kutsanzirako n'kuwabisa m'tizilembo. Ndiye mphemvu za kuno, zimene zimakonda guluu wakale, zikadya tizilemboto chimatsala ndi dzina lalikulu lija. Mamendulo ojambulidwa pakapepala nawo amasokoneza. Chaka cha pa mendulo ndi cha chionetsero chimene fakitaleyo inapambana, si chaka chimene mandoliniyo inapangidwa. Chimangokuuzani kuti inapangidwa pambuyo pa chakacho, mwina zaka zambiri pambuyo. Amisiri ngati Calace ndi Embergher kawirikawiri ankalemba chaka ndi kusaina ndi inki pamanja. Onaninso ngati pepalalo lakalamba mofanana ndi thabwa lolizungulira, komanso ngati pansi pake sipakuoneka chipsera cha kapepala kena kamene kanachotsedwa. Amene anagwirapo vayolini yotsika mtengo yolembedwa m'kati dzina la mmisiri wotchuka Stradivarius akudziwa kale khalidweli.

Nthawi zina dzina limene likuoneka si la wopanga koma la sitolo. Masitolo a zoimbira a ku London ndi mizinda ina ankaitanitsa mandolini ku Italy ndi ku Germany n'kudindapo dzina lawo kumutu kapena kumata kapepala kawo m'kati. Dzina lotere silinena za wopanga, koma limanena za njira imene choimbiracho chinayenda, ndipo kutsogoloku muona kuti umenewu ndi umboni wolemera.

Mboni imene ndimaikonda ine ndi chidindo cha dziko, chifukwa maina a mayiko amasintha ndi ndale, ndipo ndale zili ndi zaka zodziwika. Mawu akuti Made in Germany anafala chifukwa cha lamulo la ku Britain la mu 1887 lokhudza zizindikiro za katundu. Czechoslovakia inabadwa mu 1918 n'kugawikana kumapeto kwa 1992, choncho chilichonse cholembedwa dzinali chili pakati pa zaka zimenezi. West Germany kapena GDR, ndiko kuti East Germany, zikutanthauza pakati pa 1949 ndi 1990. Occupied Japan ndi zaka zochepa nkhondo yachiwiri itangotha, kulekezera 1952. Liwu limodzi lokha loti Foreign linkadindidwa pa katundu wolowa ku Britain kutsatira lamulo la mu 1926. Zilembo D.R.G.M. pa makiyi kapena pa chitsulo chokoleka nsambo ndi za ku Germany, kuyambira 1891 mpaka cha kumapeto kwa nkhondo yachiwiri. Nkhondo yomweyo itatha, amisiri a Chijeremani a ku Schönbach anathamangitsidwa, ambiri n'kukakhazikika ku Bubenreuth ku Bavaria, kumene kunakhala kwawo kwa makampani a zoimbira a Framus ndi Höfner. Choncho manja omwewo akhoza kukhala kuti anapanga mandolini ya chidindo cha Czechoslovakia mu 1930 ndi ina ya chidindo cha West Germany mu 1955.

Zitsulo zimafuna kusamala pozifunsa, chifukwa ndizo zimasinthidwa kawirikawiri. Masikuluwu a mutu wa mtanda anayamba kufala chapakati pa zaka za m'ma 1930. Mukawapeza pa mandolini yooneka ya 1900, pali ziwiri: kapena si ya 1900, kapena wina anaikonzapo. Timabowo takale tosagwiritsidwa ntchito kuseri kwa mutu ndito timathetsa mkanganowo. Lowetsani kagalasi kakang'ono pabowo, muwalitse tochi. Za ku Italy zambiri anazimata pepala kapena timapalepale ta mtengo m'kati mwa msana kuti nthiti zigwirane. Pa chipika chimene khosi limalumikizana ndi thupi pamakhala nthawi zina chidindo chootcha, nambala kapena zolemba za pensulo, ndipo Gibson inkadinda nambala ya ntchito pamenepo. Guluu wakale, wophikidwa kuchokera ku zikopa, amaoneka wofiirira ndi wong'aluka ngati uchi wouma. Guluu woyera wa akalipentala athu ndi wa pambuyo pa nkhondo yachiwiri, ndiye mukamuona, mwaona dzanja la wokonza.

Thabwa la kumaso limakhala la spruce, mtengo wa kumayiko ozizira wa mizere yoongoka yothithikana, pamene msana umakhala wa maple wotuwa kapena wa rosewood woderapo. Chotetezera thabwa pansi pa bowo chikhoza kukhala chigoba cha kamba wa m'nyanja yamchere kapena pulasitiki yakale yotchedwa celluloid, imene imafota ndi kung'aluka ikakalamba. Musayese ndi singano yotentha monga ena amalangizira, celluloid imayaka ngati petulo. Zoyera za pa makiyi zikhoza kukhala fupa, pulasitiki kapena mnyanga wa njovu. Fupa limakhala ndi timadontho takuda. Izi si za mbiri zokha. Mnyanga, chigoba cha kamba ndi rosewood ya ku Brazil, imene inaikidwa m'gulu la zotetezedwa kwambiri mu 1992, zimalamulidwa ndi pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera lotchedwa CITES, ndipo malamulo a Malawi pa minyanga ndi okhwima. Amene akulota zotumiza mandolini kunja ayambe wafunsa ku dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Safunsa anadya phula.

Pali mtundu wina umene mabuku a ku Ulaya sangakuthandizeni nawo, ndiwo wopangidwa kuno. Dziko limene linapanga bangwe ndi kaligo, limene anyamata ake amapanga banjo ndi chigubu, chikopa cha mbuzi ndi waya wa mabuleki a njinga, silingalephere kutsanzira choimbira chimene mmisiri anachiona kumishoni. Mukaona mbawa, mlombwa kapena mkungudza, umene fungo lake silibisika, tizitsulo ta pakhosi tosula pamanja, misomali m'malo mwa guluu, ndiye kuti wopangayo anali wa konkuno. Ndipo chodabwitsa n'chakuti pa mandolini yotere ndi pamene dzina la munthu likhoza kupezekadi, chifukwa akuluakulu a m'mudzi amakumbukira kalipentala wawo kuposa mmene Catania imakumbukirira aganyu a m'fakitale.

Zikatero timafika pa mboni imene katswiri wa ku London alibe koma inu muli nayo: njira. Zomba inali likulu la dziko lino kuyambira m'ma 1890 mpaka 1975, ndipo akuluakulu a boma la atsamunda ankabwera ndi mabanja ndi katundu wawo wa m'nyumba. Amishoni a ku Scotland anali ku Domasi, ansembe a Chikatolika anabwera kuchokera ku France, Netherlands ndi Italy. Asilikali a King's African Rifles, amene nsanja yowakumbukira ili pafupi ndi Cobbe Barracks, anamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi ku Ethiopia mu 1940 ndi 1941, ena n'kupitirira ku Burma, ndipo atabwerako banjo ndi gitala zinafala m'midzi. Matchona a ku Salisbury, imene lero ndi Harare, ndi ku Bulawayo, ndi a Wenela a ku migodi ya ku Johannesburg, ankabwera ndi magalamafoni, njinga ndi zoimbira. Kulinso njira ya ku Mozambique. Njira iliyonse ili ndi katundu wake ndi nyengo yake, ndiye nkhani ya pabanja iyenera kugwirizana ndi zimene thupi la mandolini likunena. Ofuna kulondola mozama ali ndi mwayi kuti National Archives ili konkuno ku Zomba, kumene nyuzipepala zakale ngati Nyasaland Times zimaonetsa zimene masitolo ankagulitsa, ndipo ku yunivesite ya ku Chirunga kuli aphunzitsi a zoimbaimba.

Pamene mukufufuza, musachite zimene ambiri amathamangira. Musaipale ndi sandipepa kapena kuipaka vanishi watsopano, mudzafufuta umboni ndi mtengo womwe. Musamatule kapepala. Musaikemo nsambo za gitala, kapena za mandolini zamakono zonenepa: khosi la mandolini ya msana wotukuka lilibe chitsulo m'kati, limakoka n'kupinda osabwereranso. Ndipo musaikoleke pansi pa malata. Kutentha kwa Okutobala kukasinthana ndi chinyezi cha dzinja la ku Zomba, guluu wa zikopa amalekerera nthiti imodziimodzi. Jambulani zithunzi pakuwala kwa dzuwa: kumaso, kumsana, mutu mbali zonse, makiyi chapafupi, kapepala, ndi tepi itagona pambali. Odziwa za zoimbirazi amazindikira zambiri pa mutu ndi pa chitsulo chokoleka nsambo kuposa pa dzina.

Ya mnzangayo tinaiunika mpaka mdima. Nthiti 15, nkhope yopindika, masentimita 33, pepala lomata m'kati, gulugufe wa celluloid wozunguliridwa ndi phala lakuda, guluu wofiirira. Makiyi a mbali imodzi anali akale, a mbali ina omangidwa ndi masikuluwu a mtanda. Zonse zinkaloza ku fakitale ya kumwera kwa Italy, pakati pa 1890 ndi 1914, katundu wa msika osati wa katswiri. Koma kuseri kwa mutu, titapukuta fumbi ndi kansalu kouma, panaoneka chidindo chofufutika cha sitolo, ndipo liwu lomaliza linkawerengeka bwinobwino: London.

Mnzangayo anakhumudwa kawiri. Nyumba ija inali itagwa, komanso nkhani imene anakula akuimva, yoti agogo analanda choimbiracho kwa msilikali wa Chitaliyana ku Ethiopia, inali itayamba kutsimphina. Msilikali wa ku Italy akanakagula mandolini ku London chifukwa chiyani? Anatulutsa foni n'kuimbira azakhali ake a ku Domasi, okhawo otsala mwa ana a agogowo.

"Azakhali, kodi banjo ya agogo ija anabwera nayo kuchokera kunkhondo?"

"Nkhondo yake iti, mwanawe? Kunkhondo anabwerako ndi nsapato ndi malungo basi. Imeneyo anawapatsa ndi dona wa bwana amene ankamuphikira kumtunda kwa Mulunguzi, pamene ankalongedza kubwerera kwawo. Makiyi enawo anaika ndi amalume ako, anachotsa pa ina yothyoka."

Anawapempha kuti abwereze pang'onopang'ono, iye akulemba kuseri kwa envelopu. Pepalalo analipinda n'kuliika m'chitenje limodzi ndi mandolini, nsambo zitatu zija atazimasula kaye, ndipo anati Lamulungu akwera minibasi ya ku Domasi kukafunsa chaka chimene dona uja anachoka.